Mabungwe Ofufuza za Chikhalidwe ndi Nkhani ya Chilankhulo: Chitsanzo cha Dera la Chipata

Mau Oyamba

Nkhani ino ikufotokoza za mabungwe a kafukufuku amene amasonkhanitsa akatswiri a maphunziro osiyanasiyana kuti afufuze pamodzi za chikhalidwe cha anthu, ndiponso za mgwirizano umene umakhalapo pakati pa mabungwe otere ndi mayunivesite a maiko ena. Mabungwe a mtundu umenewu alipo ambiri ndipo ena ndi otchuka zedi. Ku Britain, Richard Hoggart anakhazikitsa Centre for Contemporary Cultural Studies pa Yunivesite ya Birmingham mu 1964, ndipo bungwelo linagwira ntchito mpaka pamene linatsekedwa mu 2002. Ku Ghana, Institute of African Studies ya ku Legon inayamba mu 1961. Komabe ife a ku Zambia sitifunika kukafuna chitsanzo kutali, chifukwa bungwe lathu ndi lakale kuposa awiri onsewa, ndipo mbali ina ya ntchito yake inachitikira m'midzi ya Angoni ndi Achewa yozungulira Chipata.

Mfundo imene tikufuna kuionetsa ndi yakuti ntchito ya mabungwewa m'dera lino inadalira kwambiri chilankhulo cha anthu ndiponso eni chilankhulocho, koma zotsatira zake zinatuluka m'chilankhulo china ndipo zinakasungidwa kwina. Mgwirizano wa akatswiri tiyenera kuuyesa poona njira imene nzeru zinadzera pochoka m'mudzi, ndi njira imene zinadzera pobwerera, ngati zinabwerera n'komwe.

Chiyambi cha Rhodes-Livingstone Institute

Bungwe la Rhodes-Livingstone Institute linakhazikitsidwa mu 1937 mu mzinda wa Livingstone, ndipo linayamba ntchito mu 1938 motsogozedwa ndi Godfrey Wilson. Ndalama zoliyendetsera zinkachokera ku maboma a atsamunda ndi ku makampani, kuphatikizapo a migodi. Ichi chinabweretsa mavuto msanga. Wilson atafufuza za moyo wa antchito ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, anasemphana maganizo ndi akuluakulu a mgodi ndipo anatula pansi udindo mu 1941. Amene analowa m'malo mwake anali Max Gluckman wa ku South Africa, yemwe mu 1945 anafalitsa ndondomeko ya kafukufuku ya zaka 7. Maganizo a Gluckman anali akuti mudzi, mgodi, munda wa mzungu ndi ofesi ya bwanamkubwa ndi mbali za chinthu chimodzi, kotero kuti sizingamveke ngati aliyense afufuza mbali yake payekha. Wofufuza za chikhalidwe ayenera kuyenda ndi wa zaulimi, wa zachuma, wa zamalamulo ndi wa mbiri yakale, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Gluckman anachoka mu 1947, ndipo mu 1949 anakayambitsa dipatimenti yake pa Yunivesite ya Manchester. Kuyambira pamenepo panakhala ulusi wolimba pakati pa bungweli ndi Manchester. Ofufuza ankatola nkhani kuno, n'kupita nazo ku Britain kukazikambirana m'masemina, ndipo mabuku awo ambiri ankasindikizidwa ndi Manchester University Press. Pambuyo pa Gluckman bungweli linatsogozedwa ndi Elizabeth Colson wa ku America, kenaka J. Clyde Mitchell, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1950 likulu lake linasamukira ku Lusaka.

Chimene Chinawakokera ku Fort Jameson

Chimene chinakokera ofufuza ku dera la Fort Jameson, dzina la Chipata pa nthawiyo, inali nkhani ya malo. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, dziko lalikulu la kuno linagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration Company. Anthu anakankhidwira m'malo opatulidwa amene anali ochepa, ndipo m'kupita kwa nthawi nthaka inaguga, mitengo inatha, amuna ambiri n'kumapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Mu 1941 boma linagula malo a kampaniyo n'kuyamba kusamutsirako midzi. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa anthu amene dera lililonse lingathe kudyetsa popanda nthaka kuonongeka, boma linadalira akatswiri monga William Allan wa zaulimi ndi Colin Trapnell wa za nthaka ndi zomera. Koma mudzi susamuka ngati thumba la chimanga. Panafunika kudziwa amene ali ndi mphamvu pa munda, amene amatsata mfumu ikasamuka, ndi chifukwa chimene midzi imagawikira. Mafunso amenewa sakanayankhidwa ndi woyeza nthaka, ndipo apa ndi pamene ofufuza za chikhalidwe analowera.

Barnes, Lukhero ndi Angoni

John Barnes anafufuza pakati pa Angoni a Mpezeni kuyambira mu 1946 mpaka 1949. Iye anali ataphunzira masamu ku Cambridge asanalowe m'maphunziro a chikhalidwe, ndipo masamuwo amaoneka m'ntchito yake. Anawerenga anthu a m'midzi, analemba mibadwo yawo, ndipo anakonza njira yowerengera kuchuluka kwa maukwati amene amatha pakati pa anthu omwe alibe kaundula wa maukwati. Buku lake la ukwati wa Angoni linatuluka mu 1951, ndipo la ndale zawo, Politics in a Changing Society, mu 1954. Chaka chomwecho cha 1954 Barnes anafalitsa nkhani ya anthu a ku Bremnes, dera la asodzi ku Norway, m'mene anafotokoza maubale a anthu ngati ukonde. Lingaliro limeneli linafalikira dziko lonse, ndipo ndi chinthu chosangalatsa kukumbukira kuti mwini wake anaphunzira ntchito m'midzi ya kwa Mpezeni.

Kwa ife a maphunziro a zilankhulo, ntchito ya Barnes ili ndi mbali ziwiri zofunika kuziunika. Yoyamba ndi yakuti Angoni amene anawapeza sankalankhulanso chilankhulo chimene makolo awo anawoloka nacho Zambezi mu 1835. Ankalankhula Chingoni chimene kwenikweni ndi nthambi ya Chinsenga, chilankhulo cha amayi amene anawatenga pa nkhondo, pamene mau akale anatsalira m'nyimbo za ingoma, m'zitamando za mafumu ndi m'maina a maudindo. Kusukulu ndi kuboma kunali Chinyanja. Wofufuza aliyense anayenera kuyenda pakati pa zilankhulo zitatuzi, ndipo mlendo wa zaka ziwiri kapena zitatu sakanatha yekha.

Amene anamuyendetsa anali Matshakaza Blackson Lukhero, Mngoni amene anayamba kugwira ntchito ndi Barnes mu 1946 ali mnyamata. M'mabuku a nthawi imeneyo anthu ngati Lukhero amatchulidwa kuti othandiza kapena omasulira, ndipo kawirikawiri dzina lawo limapezeka m'mau othokoza mokha. Lyn Schumaker, m'buku lake la mu 2001 lotchedwa Africanizing Anthropology, anasonyeza kuti ntchito yawo inali yoposa pamenepo. Ndiwo ankadziwa mfumu yoyenera kuyamba kuionera, funso limene silifunsidwa pamaso pa apongozi, ndi tanthauzo la yankho limene munthu wapereka mozungulira. Womasulira amasankha, ndipo posankha amakhala akufufuza kale. Lukhero anapitiriza ntchitoyi ndi ofufuza ena m'matauni, ndipo mu 1966 nkhani yake ya anthu ophunzira a ku Harare inasindikizidwa m'buku lokonzedwa ndi P. C. Lloyd. Chachikulu koposa, iye anali mmodzi wa anthu amene anatsogolera kuukitsa mwambo wa Nc'wala mu 1980, mwambo umene unaleka Angoni atagonjetsedwa, ndipo pambuyo pake analemba kabuku kofotokoza mwambowo. Nzeru zimene zinatoledwa m'midzi m'zaka za m'ma 1940 zinabwerera ku Mtenguleni kudzera mwa munthu mmodzi amene anali mwana wa m'deralo, osati kudzera m'ndondomeko ya bungwe.

Mbali yachiwiri ndi yaing'ono koma ikuonetsa amene ankalemberedwa mabukuwa. Pofotokoza momwe ufumu wa Angoni unkakulira pomeza anthu a mitundu ina paulendo, Barnes anaufanizira ndi mpira wa chipale chofewa umene umanka nukula pamene ukugubuduzika. Fanizoli ndi labwino kwa wowerenga wa ku Manchester, koma kwa munthu wa ku Feni kapena kwa Maguya liyenera kumasuliridwa kawiri. Chinyanja chili nalo kale lake: madzi atupa ndi a m'njira.

Marwick ndi Liu Lakuti Ufiti

Max Marwick, amene ankagwira ntchito mogwirizana ndi bungweli, anafufuza pakati pa Achewa a dera la Katete maulendo angapo pakati pa 1946 ndi 1953. Buku lake, Sorcery in its Social Setting, linatuluka mu 1965. Mfundo yake yaikulu inali yakuti anthu satchulana ufiti mwachisawawa. Kawirikawiri woganiziridwa amakhala wachibale wa kuchimayi, wa mbumba imodzi ndi wodwalayo kapena womwalirayo. Mkangano wa anthu osakhala pachibale umatha pabwalo la mfumu ndi chindapusa, koma mkangano wa munthu ndi malume ake, kapena wa ana a mabele awiri olimbirana ufumu, ulibe bwalo loutengerako. Umakhala ukufuka pansipansi mpaka maliro atagwa, ndipo kutchulana ufiti kumapereka chifukwa chokwanira chakuti mbumba igawike, ena akamange mudzi wawo.

Apa vuto la chilankhulo likuonekera poyera. Mu 1937 E. E. Evans-Pritchard, polemba za Azande a ku Sudan, anasiyanitsa mau awiri a Chingerezi. Liu lakuti witchcraft analigwiritsa ntchito pa mphamvu imene munthu amabadwa nayo, ndipo lakuti sorcery pa kugwiritsa ntchito mankhwala mwadala. Ofufuza a pambuyo pake ankafika m'dera lililonse atanyamula kale madengu awiriwa, n'kumafuna kuona dengu loti aikemo zimene apeza. Achewa ali ndi liu limodzi, ufiti, ndipo amakhulupirira kuti mfiti iliyonse imadalira mankhwala ndi zizimba. Nchifukwa chake Marwick anasankha liu lachiwiri lija. Komabe iye anaona kuti Achewa eni ake amasiyanitsa mfiti yeniyeni, imene imapha chifukwa cha nkhuli ya nyama ya munthu, ndi mpheranjiru, amene amapha chifukwa cha kaduka. Kusiyanitsa kumeneku sikukuyang'ana gwero la mphamvu monga kwa Azande, koma cholinga cha wopha. Liu lakuti mpheranjiru likudzifotokoza lokha kwa mwini chilankhulo: muli tsinde la kupha, muli kam'tsinde kosonyeza chifukwa kamene kasintha ipha kukhala phera, ndipo muli njiru. Chimene wofufuza anachipeza patapita miyezi yambiri chinali chitakhala kale m'kapangidwe ka liu. Ife tikuona kuti apa Marwick anachita bwino kuposa anzake ambiri, chifukwa anasunga mau a Chichewa m'buku lake m'malo mowameza.

Zomwezi zimachitika ndi mau ena. Mbumba si banja chabe, pakuti liuli limanena za alongo ndi ana awo monga anthu amene mwamuna wina ali ndi udindo wowayang'anira. Nkhoswe si mboni ya ukwati yokha. Chikamwini ndi chitengwa sizinena za malo okhala okha, koma za amene ali ndi liu pa ana. Liu lililonse likamasuliridwa m'Chingerezi limataya kanthu, ndipo wophunzira wathu akaliwerenga m'Chingerezi n'kulibwezera m'Chinyanja, limabwera litaonda. Taonapo ophunzira ochokera ku Katete ndi ku Chadiza akulemba m'mayeso tanthauzo la mbumba limene analiloweza m'buku, losiyana ndi limene amalidziwa kwawo, chifukwa choopa kuti la agogo awo silingalandire malikisi.

Bungwe Lilowa mu Yunivesite

Zambia italandira ufulu mu 1964, bungwe lija linakhala mbali ya Yunivesite ya Zambia ndipo linatchedwa Institute for Social Research. Mu 1971 linasinthanso dzina kukhala Institute for African Studies. Mbiri yake inali ndi banga la utsamunda. Bernard Magubane wa ku South Africa, amene anaphunzitsapo pa yunivesiteyi, anadzudzula Mitchell ndi A. L. Epstein mu 1971 kuti ankayeza kusintha kwa Aafirika poyang'ana zovala ndi makhalidwe achizungu, n'kuiwala goli limene anthuwo anali atasenza. Kudzudzulako kunali ndi mbali yoona ngakhale kuti kunapyola muyeso, pakuti ena mwa ofufuzawo ankadedwa ndi azungu anzawo chifukwa chodya ndi kucheza ndi anthu akuda.

Chosangalatsa kwa ife ndi chakuti m'zaka za m'ma 1970 bungweli linatsogozedwa ndi katswiri wa zilankhulo, Mubanga Kashoki, Mzambia woyamba kukhala pa udindowu. Iye ndi Sirarpi Ohannessian anakonza buku la Language in Zambia la mu 1978, lomwe linali mbali ya kafukufuku wa zilankhulo wa maiko asanu, Uganda, Kenya, Tanzania, Ethiopia ndi Zambia, wolipiridwa ndi Ford Foundation. Apa chilankhulo chinakhala mutu wa kafukufuku wa bungweli, osati chida chongofunsira mafunso. M'zaka zomwezo dera la Chipata linalandira akatswiri a maphunziro ena. Harry Langworthy analemba mbiri ya ufumu wa Undi pa Yunivesite ya Boston mu 1969, William Rau mbiri ya Angoni a Mpezeni ku Los Angeles mu 1974, ndipo David Phillipson anafukula m'mapanga a Thandwe, Makwe ndi Kalemba n'kufalitsa zotsatira zake ku Nairobi mu 1976. Zithunzi zoyera za m'mapanga ena a dera lino sizinamveke ndi ofukula okha mpaka pamene anafunsa anamkungwi ndi akuluakulu a nyau.

Mu 1996 bungweli linatchedwa Institute of Economic and Social Research. Liu la chuma linalowa m'dzina, ndipo aliyense amene akukumbukira umphawi wa mayunivesite athu m'zaka zimenezo akudziwa chifukwa chake. Wopereka ndalama akafuna lipoti la umphawi kapena la matenda m'miyezi itatu, wofufuza sakhala ndi mpata wokhala m'mudzi zaka ziwiri kuphunzira miyambi.

Malire a Maiko ndi Kalembedwe

Tikamanena za mgwirizano wa maiko, maganizo athu amathamangira ku Ulaya ndi ku America, pamene mgwirizano wovuta kwambiri ndi wa ife ndi anansi athu. Kuchokera ku Chipata kupita ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 570, koma kupita ku Lilongwe sapitirira 150. Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakumana pamaso pa Kalonga Gawa Undi popanda womasulira. Akatswiri awo, mbali inayi, amalemba chilankhulo chimodzi m'njira zosiyana. Malawi inasintha dzina la chilankhulo kukhala Chichewa mu 1968 n'kukhazikitsa Chichewa Board mu 1972, pamene Zambia inavomereza kalembedwe kake mu 1977. Motero Mzambia amalemba cinthu ndi nchito pamene Mmalawi amalemba chinthu ndi ntchito. Kusiyanaku ndi kochepa pa kuwerenga, koma ndi kokwanira kulepheretsa buku la sukulu la dziko lina kuvomerezedwa m'dziko linzake. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, buku lomasulira mau a chilankhulochi m'chilankhulo chomwecho, ndipo kusankha dzina lakuti Chinyanja kunali kutambasulira dzanja anansi. Bungwe la CASAS la ku Cape Town, limene Kwesi Prah anayambitsa mu 1997, linasonkhanitsa akatswiri a maiko atatuwa monga Felix Banda, Al Mtenje, Lazarus Miti ndi Armindo Ngunga kuti akonze kalembedwe kamodzi. Kalembedweko kanasindikizidwa, koma manyuzipepala ndi mabuku ambiri a mbali zonse anapitiriza ndi chizolowezi chawo.

Mlendo, Chinsinsi ndi Kubweza

Pali mlendo mmodzi wa zaka za pambuyo pake amene ayenera kutchulidwa. Kenji Yoshida wa ku Japan anayamba kufufuza pakati pa Achewa a kuno mu 1984, anaphunzira chilankhulo, ndipo mu 1985 analowa gule. Mu 2017 anakhala mkulu wa National Museum of Ethnology ya ku Osaka. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti diso la mlendo limaona zimene ife tinazizolowera. Koma ntchito yake ikudzutsa funso limene likukhudza mwachindunji mfundo ya nkhani ino. Mbali yaikulu ya nzeru za nyau ndi chilankhulo: mau obisika, mafunso ndi mayankho amene wolowa yekha amawadziwa. Yoshida mwini wake analemba za chinsinsi chimenechi mu 1993. Nkhani yotere ikalembedwa m'Chijapani kapena m'Chingerezi chovuta, chilankhulocho chimakhala ngati mpanda, chifukwa amayi ndi ana a m'mudzi saiwerenga. Ikamasuliridwa m'Chinyanja mpandawo umagwa. UNESCO italengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi, funso lakuti mwini chinsinsi ndani linakula m'malo mochepa.

Kotero kubweza nzeru kwa eni ake si ntchito ya womasulira yekha. Buku la Marwick lili ndi milandu ya ufiti ya mabanja amene zidzukulu zawo zilipo, ndipo ngakhale maina atabisidwa, munthu wa m'mudzimo angathe kuzindikira nkhani ya agogo ake. Buku la Barnes likukhudza za ufumu ndi za amene makolo awo anali akapolo ogwidwa pa nkhondo. Mbali zoterezi zifunika katswiri wa zilankhulo, wa mbiri yakale ndi wa zamalamulo akhale pansi ndi mafumu asanasankhe zoti zisindikizidwe. Mbali zina zilibe vuto lotere ndipo zikhoza kuyamba lero: mbiri ya ulendo wa Angoni, nkhani ya malo a North Charterland, mbiri ya ufumu wa Undi, ndi zofukulidwa ku Kalemba.

Chitsanzo cha kalembedwe chilipo kale. Samuel Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, nthawi yomwe Barnes ndi Marwick ankayamba ntchito yawo, ndipo A. J. Makumbi analemba za maliro ndi miyambo ya Achewa m'zaka za m'ma 1950. Mabuku amenewa anasonyeza kuti chilankhulochi chingathe kufotokoza mbiri ndi mwambo mwatsatanetsatane popanda kubwereka kwambiri. Chimene chikufunika kwa ogwirizana nafe a kunja si ulendo wina wa kumudzi, koma makope a zimene zinatoledwa kale. Makalata ndi zolemba za Mitchell zili ku Oxford, ndipo za Gluckman zili ku Royal Anthropological Institute mu London. M'zolemba za ofufuza a nthawi imeneyo ndi m'mene tiyenera kufunafuna zimene othandiza anzake a Lukhero analemba ndi manja awo asanazimasulire, chifukwa kwa katswiri wa zilankhulo masamba oterowo angakhale umboni wa momwe Chinyanja, Chinsenga ndi Chingoni zinkalankhulidwira m'midzi ya Fort Jameson zaka pafupifupi 80 zapitazo.